A Loza ndi Makompaila Awo Akale

Chimene sindinamvetse mwa alamu anga, ndipo mpaka lero sindichimvetsa, ndi ichi: munthu wosakhulupirira kanthu asanayese ngati iwo anakhala bwanji zaka zambiri akukhulupirira chinthu chimodzi osapita kukachiona ndi maso. Wotchi ya pakhoma sankaimvera asanayang'ane ya pamkono. Chitseko akakhoma ankachigwedeza. Koma pa chinthu chimene chinawadyera banja, sanafunse munthu.

Tinkagwira ntchito pa kampani yaing'ono yopanga mabokosi oyendetsa masikelo akuluakulu, aja oyezera malole. Ine ndinkakhala kumapeto kwa tebulo lalitali, kuwotcherera mawaya pa mabolodi a zamagetsi a m'mabokosiwo. Iwo ankakhala pakona, kulemba mapulogalamu olowa m'mabokosiwo. Mlongo wanga anawadziwa tsiku lina atabwera kudzandipatsa makiyi amene ndinaiwala kunyumba. Anandipeza ndatuluka, ndipo iwo anamupatsa mpando wawo n'kuimirira mpaka ine kubwera, osanena kanthu. Iye ankati anawakonda chifukwa cha kusowa nkhani kumeneko.

Sindinena kuti anali katswiri. Ansembe amene anandiphunzitsa sankakonda kutamanda munthu, ndipo ine ndinatengera. Ndingofotokoza ntchito yawo mmene ndinkaionera, chifukwa popanda iyo palibe chimene mungamve za iwo.

Pulogalamu munthu amailemba m'mawu amene iye angathe kuwerenga. Alamu ankalemba m'chinenero chotchedwa C. Makina samva mawu amenewo, choncho pamafunika pulogalamu ina, kompaila, yomasulira zolembazo kuti zikhale malamulo amene makina angatsate. Kampani yathu inali itagulitsa mabokosi a mibadwo yosiyana, ndipo m'badwo uliwonse unali ndi kompaila yake, pa kompyuta yake. Makompyuta atatu akalewo anandanda pakona ya alamu, achikasu ngati mano a nkhalamba.

Vuto linali pa chinthu chotchedwa pointa. Pointa siisunga katundu, imasunga adiresi ya pamene katunduyo ali mu memori, nkhokwe ya makina. Mapointa ambiri amanena mtundu wa chimene akuloza: iyi ikuloza nambala, iyi ikuloza chilembo. Koma nthawi zina pamafunika pointa yoloza chilichonse, monga pamene pulogalamu ikupempha malo mu memori isanadziwe chimene iikepo. Masiku ano munthu amangolemba mawu akuti void ndi chizindikiro cha kanyenyezi patsogolo pake, nkhani n'kutha. Makompaila akale sankagwirizana pa zimenezi.

Yakale kwambiri alamu ankaitcha Gonthi, chifukwa mawu akuti void sinkawamva n'komwe. Kwa iyo unkayenera kulemba char ndi kanyenyezi, imene ndi pointa ya chilembo, n'kumaigwiritsa ntchito ngati ya chilichonse. Yachiwiri inali Mlonda. Void akabwera yekha inkamudziwa, koma akabwera ndi kanyenyezi inkatseka geti. Yachitatu inali Apongozi. Iyo inkalandira void ndi kanyenyezi kake, koma sinkaleka kung'ung'udza. Ukangopereka adiresiyo kwa pointa ya mtundu wina osanena poyera kuti ukusintha mtundu, inkadzaza sikirini ndi madandaulo.

Pofuna kuti pulogalamu ikhale imodzi, alamu anapeka dzina lawolawo, LOZA. Pamwamba pa fayilo ina analemba kuti kwa Gonthi ndi Mlonda, LOZA akutanthauza char ndi kanyenyezi, ndipo kwa Apongozi akutanthauza void ndi kanyenyezi. Kwina konseko ankangolemba LOZA, ndipo paliponse pamene adiresi ikusintha manja ankanena mtundu wake poyera kuti aliyense wa atatuwo akhutire. Dzinalo linafalikira m'mapulogalamu ngati udzu m'munda, mpaka anthu anayamba kuwaitana a Loza. Iwo ankayankha.

Akasintha kanthu, ngakhale kachizindikiro kamodzi, ankatenga disiki n'kuzungulira nayo makompyuta onse atatu. Pamaso pa Gonthi ankaimirira manja kumbuyo ngati mwana woitanidwa kwa ahedi. Kompyuta imeneyo inkachedwa, ndipo munthu akawalankhula pa nthawiyo ankangokweza chala. Ine ndinaikonza kambirimbiri. Zipangizo zake zitasowa m'masitolo ndinkazifuna kwa ogulitsa zitsulo zakutha.

Zaka zinapita. Kampani inatulutsa mabokosi atsopano, okhala ndi kompaila yosavuta, ndipo makasitomala anasintha mmodzimmodzi. Mabokosi a Mlonda ndi a Apongozi anabwerera kwa ife, ine n'kuwaphwasula. La Gonthi linatsala limodzi, pa malo ena ophwanyira miyala, ulendo wautali kuchokera kwathu. Tinkangoti kumiyala. Pulogalamu ikasintha, alamu ankaika disiki mu envulopu, n'kupatsa dalaivala wa kampani kuti akasiye kumeneko akamadutsa.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakwatiwa n'kusamukira ku mzinda wina wakutali. Atabereka, mlongo wanga anayamba kulongedza. Ndinkadya kwawo Lamlungu lililonse, ndipo nkhani inali imodzimodzi.

"Abambo, mwana akuti chipinda chakumbuyo chija apakamo penti. Akungodikira ife," ankatero mlongo wanga.

"Ndamva."

"Mwamva ngati Gonthi wanu uja."

Alamu ankaseka ndi mphuno, maso ali m'mbale. "Sikelo ya kumiyala ikangopuma, tinyamuka. Ndikachoka pano, amene abwere alemba void ndi kanyenyezi, Gonthi akana, anthu aja asowa choyezera. Ndani angapirire kuzungulira ndi disiki?"

"Achimwene," mlongo wanga ankatembenukira kwa ine, "bwanji simunandiuze kuti ndikulowa mitala? Mkazi mnzanga ali kuntchito kwanu, wogontha, wachikasu, koma ndiye wamkulu."

"Iyeyo sapempha nsalu," ndinkatero ine.

"Sapempha bwanji? Wadya Loweruka langa lililonse."

Mlongo wanga ankaseka nafe, koma makatoni anali m'mbali mwa khoma, omangidwa ndi zingwe. Mbale zabwino zonse zinali mkatimo. Iwo awiri ankadyera zotsala, ndipo ine ndikabwera ankandipatsa ya pulasitiki. Kamodzi mlongo wanga anapita yekha kukaona mdzukulu. Anabwerera msanga atamva kuti alamu akugona ndi tiyi. Anati apitanso onse pamodzi, chifukwa munthu uyu ukamusiya yekha adzafa ataimirira patsogolo pa kompyuta.

Kenako anayamba kudwala. Poyamba zinali za kutopa, kenako miyendo inatupa, kenako ulendo wautali sunali wothekanso. Alamu anamusamala, ichi sindingawalande. Ankamusambitsa okha ndi kumuphikira, ndipo masana ankathamangira kuntchito n'kubwerera. Mwana anabwera ndi mdzukulu, koma mlongo wanga sankathanso kumunyamula. Anangomugwira phazi. Tinamuika m'manda makatoni akadali omanga.

Maliro atatha alamu anabwerera pakona pawo. Sanasinthe kanthu, kupatula kuti anasiya kuseka ndi mphuno kuja.

Mwini kampani anali atamwalira kale, ndipo mwana wake wamkazi ndiye anali bwana. Alamu anamudziwa akadali kamwana kosewera ndi timawaya pansi pa tebulo langa, koma ankamutcha abwana, iye akukana. Anabweretsa olemba mapulogalamu ena awiri. Anali anthu aulemu, ndipo madandaulo awo anali oona. Kompaila yatsopano inkakwiya ndi njira zina zimene Gonthi ankafuna. Chinthu cha ola limodzi chinkatenga tsiku, chifukwa chilichonse chinkayenera kudutsa pakona ya a Loza. Kompyuta ya Gonthi nayo inayamba kukana kuyaka m'mawa kukazizira.

Tsiku lina bwanayo anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo.

"Bambo, tikambirane za LOZA."

"Ndikumva, abwana."

"Musanditche choncho, munkandipukuta mamina inu. Mabokosi onse amene ndikuwadziwa ndi atsopano. Tikuvutikira ndani?"

"Kumiyala kuli sikelo."

"Ndayesa kuwaimbira, nambala inasintha. Amene ankayendera chigawo chimenecho anachoka ababa akadali moyo. Dalaivala akuti iye amangosiya envulopu pawindo." Anawagwira pamkono. "Tengani galimoto, mupite ndi alamu anuwa mukaone. Mukaipeza ikugwira ntchito, LOZA akhala mpaka mudzatope nokha. Sindidzatchulanso."

Alamu anayang'ana makompyuta awo. Kenako anati chabwino.

Ndinayendetsa ndine. Iwo anakhala ndi envulopu pamiyendo, muli disiki yatsopano imene anaiyesa dzulo lake. Tinadutsa matauni ang'onoang'ono. Msewu wa tara utatha, fumbi litayamba kulowa m'magalasi, analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Alamu, iyenera kukhala ikuyaka."

"Tikaona."

"Ayi, mundimve. Iyenera kukhala ikuyaka. Ikapanda kutero, ndiye kuti mlongo wanu ndinkamuuza chiyani zaka zonse zija?"

Sindinadziwe kuti funso limeneli anali nalo, ndipo mwina ndi chifukwa chake sanafune kupitako kale. Koma uku ndi kuganiza kwanga chabe.

Kumiyala kunali phokoso la makina ophwanya, ndi malole atandanda kudikira sikelo. Kaofesi koyezerako kanali ka chipinda chimodzi, ka windo lalikulu loyang'ana pa sikelopo. Mkati munali mayi wina wa thupi, atamanga kansalu kumphuno chifukwa cha fumbi. Titamuuza kumene tachokera, anavula kansaluko n'kumwetulira.

"Ndiye inu ndinu a madisiki aja? Lowani, lowani, pepani fumbi. Ndinkati kodi munthu ameneyu ali ndi nkhope?"

Ine maso anga anapita pa shelefu pamwamba pa tebulo lake. Bokosi limene linkayaka pamenepo linali lathu ndithu, koma silinali la Gonthi. Silinalinso latsopano kwenikweni. Linali la penti yobiriwira, mtundu umene tinasiya kupanga mlongo wanga asanayambe kumva kutopa kuja. Alamu analiona nthawi yomweyo. Ankawadziwa mabokosi athu ngati mmene mlimi amadziwira mbuzi zake.

"Lakale lija lili kuti, mayi?" anafunsa motsitsa.

"Si ilo mwalidutsa pakhomo?"

Linali pansi, lotsekereza chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Pamwamba pake panali katoni yopindidwa, chifukwa mlonda ankakhalapo. Chingwe chake cha magetsi anachikulunga bwinobwino n'kuchimanga ndi mphira.

"Wa kukampani kwanu amene anadzaika ili anati lakalelo tisataye, eni ake adzalitenga," anatero mayiyo. "Ndiye mwabwera kudzatenga? Mlonda wathu alira, mpando wake umenewo."

"Munalizimitsa liti?"

"Aa, kale. Ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Pano amapita yekha kusukulu, ndipo amandiyankha mwano."

Lole ina inakwera pa sikelo. Mayiyo anawerenga nambala, n'kukuwira dalaivala kuti asunthe pang'ono, gudumu lakumbuyo lili panja, kodi laisensi anachita kutola? Alamu anaima pakati pa chipinda, envulopu ili m'manja. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ankawerengetsa zimene ine ndinali nditawerengetsa kale: kuti pa nthawi imeneyo mlongo wanga anali wamphamvu, akumanga makatoni ndi kuimba.

"Nanga madisiki?" anafunsa.

Mayiyo anatsegula kabati. Anali mmenemo, ataunjikana, ena akadali m'maenvulopu. "Dalaivala wanu amabwera wotopa, amati katundu wanu uyu. Ndikane bwanji chinthu chimene munthu wayenda nacho ulendo wonsewo? Ndinkati mwina ndi lamulo la kampani. Awiri okha ndiwo ndinaika pansi pa mwendo wa tebulo, mundikhululukire, linkagwedera." Apa anayang'ana nkhope ya alamu n'kusiya kuseka. "Bambo, ndalakwa kanthu?"

"Ayi, mayi. Simunalakwe."

"Khalani pansi, ndikupatseni madzi."

Anakana mwaulemu. Ine ndinati mwina tiliyatse lakalelo tione ngati likadali moyo.

"Musaliyatse," anatero. Anaika envulopu ija mu kabati pamwamba pa zinzake, n'kutseka okha. Bokosilo anati mlonda apitirize kukhalira.

Pobwerera anandipempha kuti ndiime pambali pa msewu. Anatsika, nayenda pang'ono kulowa m'thengo, n'kuima chondifulatira. Ndinazimitsa injini n'kudikira. Atabwera, kolala ya malaya awo inali yonyowa, ndipo anati tiyeni.

Mawa lake anauza bwana mawu ochepa: sikelo ija inapuma kale. Iye anafuna kunena zambiri koma iwo anakweza chala ngati mmene ankachitira pamaso pa Gonthi. Anapempha chinthu chimodzi, kuti LOZA amuchotse okha. Mmodzi wa olemba mapulogalamu aja anati kompyuta ikhoza kusintha malo onse nthawi imodzi, m'kuphethira kwa diso.

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero. "Koma pena LOZA ankabisa char weniweni. Mukasintha mwakhungu, mupha zamoyo. Ndinawaika ndine, ndikudziwa pamene agona."

Anachita fayilo ndi fayilo, mzere ndi mzere. Zinawatengera masabata. Ankafika m'mawa monga kale, kupachika jekete pa msomali, n'kuyamba. Makompyuta atatu aja sanawayatsenso. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwachotse, ndipo nditafunsa kuti ndiwaike kuti, anati kumene mumaika zinazo. Ndinawasunga m'chipinda cha katundu osawaphwasula. Iwo sanafunse.

Mwana wawo ankaimba foni kawirikawiri. Nkhani ya kumiyala ndinamuuza ndine, chifukwa bambo ake sanathe. Analira, kenako anati, "Amalume, auzeni abwere basi. Ine ndilibe nawo mlandu." Ndinakawauza Lamlungu, tili pa tebulo lawo, makatoni ali pomwe anali.

"Akuti mupite."

"Ndamva."

"Nanga?"

"Alamu, ndikalowa bwanji m'chipinda chimene amake sanagonemo? Ndikagona pa bedi limene anagulira anthu awiri, mdzukulu n'kumandifunsa kuti agogo aakazi anachedwa ndi chiyani?"

"Simunadziwe."

"Galimoto inalipo. Msewu unalipo." Anakankha mbale. "Munthu amene amayesa kachizindikiro katatu."

Ndinafuna kuwauza kuti mlongo wanga sanawasungire mangawa, ndipo ndikhulupirira kuti zinali zoona. Koma anali mlongo wanga, ndipo tsiku limenelo sindinawauze. Ndinadzuka n'kuchotsa mbale pa tebulo.

Fayilo yomaliza inali ija ya pamwamba, imene inkanena tanthauzo la LOZA kwa kompaila iliyonse. Anaifufuta Lachisanu masana. Kompaila yatsopano inamasulira pulogalamu yonse osadandaula kalikonse. Bwana anati Lolemba kukhale kaphwando, anthu alankhule, awathokoze.

"Muthokoze chiyani?" anafunsa, osati mwaukali. Anavala jekete, napatsa aliyense moni wa dzanja, mpaka mayi wosesa. Kwa ine anangoti, "Mugone bwino, alamu."

Lamlungu ndinapeza nyumba yokhoma. Mwini nyumba anatuluka ndi makiyi, nati a Loza anamupatsa Loweruka m'mawa, n'kumuuza kuti katundu yense ndi wa mwana wawo, ine ndidzaona mmene ndingamutumizire. Mkati munali mosesa. Foni yawo inali pa tebulo, yozimitsa. Zovala zochepa zokha ndizo zinasowa, ndi chikwama chaching'ono.

Ndinaimbira mwana wawo. Anadikira pa depoti ya mabasi ya kwawo tsiku limenelo ndi lotsatira, koma sanafike. Tinafunsa kwa abale awo, m'zipatala, ndi kupolisi. Ndinapita ngakhale kumanda, ndipo ndinapeza udzu wozulidwa chatsopano, koma woyang'anira manda sanaone munthu.

Womaliza kuwaona ndi bambo wina wogulitsa nyuzipepala pa depoti yathu, amene ankawadziwa nkhope. Akuti anafika dzuwa litakwera, chikwama chili m'manja, n'kuima pamene anthu amakwerera mabasi a mbali zonse. Makondakitala anawazungulira, aliyense akutchula kwake ndi kukoka chikwamacho, iwo akungopukusa mutu. Wogulitsayo anawerama kuti apatse kasitomala nyuzipepala. Atadzuka, mabasi angapo anali akutuluka pa geti, ndipo sakudziwa kuti anakwera iti.